Mmene Ndinatulutsira Mapaipi M'mutu Mwanga

Esinati, Yohane, ndi iwe Malita, izi ndikulemba ndekha. Palibe wandigwira dzanja, palibe amene ndamuuza kuti lemba apa. Mukapeza chilembo chokhota musaseke, sukulu ndinalekezera Sitandade 5 ndipo maso ndilibe. Ndikulemba chifukwa pa maliro a malume anu ku Chembe ndinamva munthu akuuza mnzake kuti, "A Damiyano aja ntchito inawathera chifukwa cha uchitsiru, anapereka okha mpeni wowachekera." Ananena ine ndili pomwepo. Anthu amayesa kuti maso akafa ndiye kuti makutu nawo tawaika m'manda. Ndiye imvani kwa mwini wake, kenako muweruze nokha ngati bambo anu ndi chitsiru.

Chaka choyamba pantchito, ndili ndi zaka 19

Za ubwana sindinena, n'za njala basi. Ndiyambira pamene ndinasiya usodzi. Ine m'bwato ndinkasanza. Mwana wobadwira ku Chembe, bambo ake msodzi, agogo ake msodzi, iye mwera ukangoyamba ali chafufumimba kusanzira pa usipa wa eni ake. Eni mabwato atatu anandithamangitsa. Ndiye ndinamva kuti mumsewu wa ku Makokola akumanga hotela ndipo akufuna okumba. Dzina lake sinditchula, mahotela kumeneko ndi ambiri. Anandipatsa piki ndi fosholo n'kundipereka kwa pulambala wamkulu, Che Saidi a ku Katuli, munthu wamfupi wa kofiya yoyera imene sinkada ngakhale atalowa m'dzenje. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kuti, "Iwe ndi uja amasanza?" Ndinati ee. Iwo anati, "Chabwino. Kuno madzi ali m'paipi, sagwedeza munthu."

Zipangizo kunalibe. Ukapempha soketi yolumikizira mapaipi bwana ankati dikirani galimoto ya ku Blantyre, galimotoyo n'kubwera ndi matebulo. Tinkawotcha paipi ya pulasitiki pamoto wa mapesi kuti ifewe, n'kulowetsamo inzake, ikazizira yagwira. Podontha tinkamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mpaka lero pansi pa chipinda nambala 9 pali chubu cha njinga ya Che Saidi, ndipo sipanadonthepo. Mabwana ndinaona ambiri. Wina ankatiitana ndi mluzu ngati agalu. Wina ankakhoma sitolo ya zipangizo n'kupita ndi kiyi ku Lilongwe sabata yathunthu, pobwera n'kumatikalipira kuti bwanji mpopi wa kukhitchini ukudonthabe. Koma onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene madzi amadutsa. Pulani ya mapaipi inapita ndi amene anamanga, ndipo ife chaka chilichonse tinkawonjeza apa, kudula apo, osalemba paliponse. Mapu anali m'mutu mwa Che Saidi, ndipo ankawathira m'mutu mwanga pang'onopang'ono, mokalipa.

Chaka cha 11

Che Saidi msana unawakana, ndiye anapuma. Tsiku lawo lomaliza linali Lachisanu. Atabwerako kumzikiti anandikoka malaya n'kupita nane kuseri kwa londire, kochapira zovala, pamene panali mtengo waukulu wa mango. Anati, "Tsamira mtengowu. Yang'ana kunyumba ya jenereta. Yenda, uziwerenga." Nditafika mapazi 14 anati ima. Tinakumba pang'ono n'kupeza kachivundikiro ka simenti, pansi pake pali valavu yaikulu imene zaka khumi zonsezo sindinaidziwe. Anandifotokozera kuti ya pathanki yaikulu inafa kalekale ndi dzimbiri, sitseka. Paipi yopita kukhitchini ikaphulika, ukapanda kutseka pano ndiye kuti thanki yonse ithera pansi, hotela ikhala youma masiku awiri. Ndinakumbukira kuti kawiri konse paipi imeneyo inaphulika, iwo n'kutituma tonse kukatenga zinthu zosafunika, pobwera n'kupeza madzi asiya ndipo bwana akuwagwira chanza.

Anakwirira okha ndi phazi, n'kumwazapo masamba. Anati, "Mavalavu enawo uuze aliyense amene wafunsa. Iyi ayi. Iyi ndi valavu ya ana ako. Bwana sakonda munthu, Damiyano, amakonda madzi. Tsiku limene adzadziwe pamene pali iyi, wallahi, adzakulozera geti." Ndinafunsa kuti nanga ine mwandiuziranji. Anati, "Chifukwa ine pageti ndikutuluka ndekha."

Ndinakhala pulambala wamkulu. Ndinakwatira mayi anu, munabadwa inu, ndipo yunifolomu iliyonse imene munavala inachokera pa mapazi 14 amenewo. Che Saidi anamwalira kwawo ku Katuli. Ndinakaika nawo, matola anatifera panjira, tinamaliza wapansi.

Chaka cha 26

Maso anali atayamba chaka chapitacho, ngati utsi m'mbalimbali. Munthu akaima pambali panga sindinkamuona mpaka atalankhula. Kuchipatala cha maso ku Zomba dokotala anati madzi a m'maso mwanga sakutuluka bwino, akupanikiza mtsempha, ndipo umene wafa kale sudzadzuka. Ndinati, "Valavu yake ili pati tiitsegule?" Sanaseke. Anandipatsa mankhwala odontheza oti asunge kakuwala kamene kanatsala, n'kuti ndizibwera kudzayezetsa.

Ndinabisa chaka chathunthu. Sipanala sifuna maso, timizere tomangira paipi umatimva ndi chala. Wondithandiza nthawi imeneyo anali Limbani, bambo wa ana awiri, wa pepala la kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo ndinkamuda chifukwa cha pepalalo. Iye anazindikira msanga koma sanauze munthu, ankangoika zida pamene dzanja langa lifikire. Mpaka tsiku lina masana dzuwa lili pamutu ndinagwera m'ngalande imene ndinakumbitsa ndekha dzulo lake, pamaso pa alendo ndi manijala wathu, mayi Gondwe. Anandiitana kuofesi. Ndinapita nditakwiya kale kuti kalata ndiilandire ndili woimirira.

"Khalani pansi, a Damiyano."

"Ndiima. Perekani kalatayo."

"Kalata yanji? Mpando uli kumanja kwanu, osati kumene mukuyang'anako." Ndinakhala. Anati, "Mapaipi a pano mumawaona ndi maso?"

"Ali pansi pa nthaka, mayi, angawaone ndani."

"Ndiye mwataya chiyani?"

Anati m'ngalande sindidzalowanso. Madandaulo a alendo azibwera pa kompyuta kuchokera ku risepushoni, ine ndizimva, ndizituma anthu pa wayilesi ya m'manja, chifukwa ine ndikangomva kuti chipinda chakuti madzi akubwera ofooka ndimadziwa kale pokakumba. Ndipo nthawi yotsala ndizilemba mapaipi onse ndi mavalavu, mmodzimmodzi. Pamenepo ndinamva mawu a Che Saidi m'khutu. Ndinati, "Mukufuna mundikame kaye kenako munditaye." Mayi aja anati, "Ndikanafuna kukutayani, ngalande ija inandipatsa kale chifukwa. Ine bola ndili pano simuchoka. Za pambuyo panga sindingalumbire." Mawu amenewo ndimawalemekeza mpaka lero. Sanandinamize.

Ndinati kompyuta sindinaigwirepo, ndipo wakhungu aiona bwanji. Anati, "Loweruka mupite kutauni. Kuli mayi wina akakuchotsani mwano."

Chaka chomwecho, miyezi itatu ya Loweruka lokhalokha

Abiti Sumani ankaphunzitsira m'kachipinda kuseri kwa shopu ya telala ya mchimwene wawo, pafupi ndi msika wa Mangochi. Iwo maso anawataya ndi chikuku ali mwana. Mayi anu ankandikweza minibasi, kutsika, kukwera kabaza, kundisiya pakhomo n'kupita kukagula zawo. Tsiku loyamba ndinapapasa patebulo n'kugwira kambewa kaja ndinkaona anyamata a ku risepushoni akuyendetsa. Kanangoti khwee patebulo, ndinamva mbama padzanja.

"Siyani ako, n'ka anthu a maso. Bweretsani zala."

Anandigwira zala zolozera n'kuziika pa mabatani awiri okhala ndi timizere totukuka, F ndi J. Anati apa ndiye pakhomo panu, kulikonse mungapite muzibwerera apa. Kenako anayatsa, ndipo m'kasipika munatuluka liwu la mzungu wa chimfine. Ndi pulogalamu imene imawerenga zonse zili pagalasi, batani lililonse ukadina imalitchula. Ine ndinaitcha Kalaliki. Chizungu chake ndinkamva, zaka 26 za alendo odandaula zinandiphunzitsa. Koma Chichewa Kalaliki amachitafuna ngati fupa, dzina langa lenilenilo ndinalizindikira sabata yachiwiri. Abiti akamagwiritsa okha ankamuthamangitsa mpaka kumveka ngati mvula pa malata, ine osatolapo ngakhale liwu limodzi. Ankati, "Muzolowera. Makutu anu ndi aulesi, akhala akudyera maso zaka zonsezi."

Loweruka lachinayi ndinafuna kuiswa. Ndinadina chinachake, Kalaliki n'kuyamba kulankhula zosadziwika, ndinadina china, n'kuwonjeza, ndinamenya kiyibodi ndi manja onse awiri. Ndinatukwana, sindibisa. Ndinati izi n'zopusa, ine ndi mmisiri, si mwana wa sukulu ya mkaka, bola ndikakhale pa mlatho ndi mbale. Makina a telala kunja kuja anasiya kulira. Abiti sanatekeseke. Anati, "Pa mlatho malo anadzaza, ndipo ndi nkhope yanuyo palibe angakuponyereni kanthu."

"Nkhope yanga mwaionera kuti?"

"Ndikuimva. Mwasochera eti?"

"Ndasochera."

"Kuhotela kwanuko mapaipi akakusokonezani mumayambira pati?"

"Pathanki."

"Thanki yanu nayi." Anaika chala changa chachikulu pa batani la Windo, pansi kumanzere, china pa M. Kalaliki anati desikitopu. Anati, "Apa ndi pabwalo. Zanu zonse zili apa, zandandalikidwa. Mukasochera musamenye, bwererani apa."

Kuyambira tsiku limenelo zinayamba kulowa, chifukwa ndinaona kuti ndi ntchito yanga yomwe ija. Chinthu sukuchiona, koma ukudziwa pamene wayambira ndi kumene chikupita. Mivi inayi ija ndi mapazi. Enta ndi kutsegula, Esikepu ndi kubweza dzanja usanawononge. Ukagwira Alti n'kudina Tabu umachoka pa madandaulo kupita pa zolemba zako osatseka chilichonse, ndipo Alti ndi F4 ndiye kutseka chitseko. Limene ndinalikonda kwambiri ndi Kontirolo, chifukwa ukalidina Kalaliki amakhala chete pompo. Ndinauza Abiti kuti mabwana onse akanabadwa nalo batani limeneli. Kontirolo ndi S ndinaliphunzira ndi misozi, magetsi atazima nditalemba mavalavu asanu ndi limodzi osasunga. Abiti anati, "Muzidina ngati mukuphethira." Mpaka pano ndikamaliza chiganizo chala chimapita chokha.

Tsiku lomaliza ndinawapititsira chambo chachikulu. Anachipapasa n'kuti, "Sikomo. Koma mukadali ndi vuto limodzi, mumamutseka pakamwa Kalaliki asanamalize. Lidzakulumani."

Chaka cha 27 ndi cha 28

Linandiluma. Pa desikitopu yanga kuofesi ya mapaipi ndinkayenda mowerenga, ngati kumunda. Batani la Homu, muvi wapansi kanayi, Enta, ndalowa m'madandaulo, Kalaliki ndamutseka kale pakamwa. Tsiku lina Limbani, mwa ulemu wake, anaona kuti zinthu zili balalabalala pagalasi ndiye anazikonza bwinobwino ndi kambewa. M'mawa ndinawerenga kanayi, Enta, n'kumva chipinda nambala 3 chimbudzi chatsekeka. Ndinatuma anthu awiri ndi ndodo zawo zotsegulira zimbudzi. Anakagogoda n'kudzutsa alendo amene anangokwatirana kumene, chimbudzi chili bwinobwino. Ndinali nditatsegula madandaulo a chaka chatha. Ndinamukalipira Limbani mpaka alonda anabwera. Kenako ndinazula galasi lija ndi kambewa komwe, n'kukazitula ku risepushoni. Patebulo panga panatsala bokosi, kiyibodi ndi kasipika. Ndinati tione amene adzakonzenso.

Nditawaimbira Abiti kuti andimvere chisoni, anandiseka. Anati, "Wolakwa ndinu. Osawerenga mapazi, itanani dzina. Mukufuna madandaulo, dinani M, mumvere mpaka amalize. Zinthu zimasuntha, dzina silisuntha." Ndinadula foni nditakwiya, koma mawuwo anandikhala. Zonse zimene ndinali nditalemba zinali za mapazi. Mapazi asanu kuchokera pa mtengo wakuti, mapazi khumi kuchokera pa mpanda wa bango. Mitengo imadulidwa. Ndipo mapazi anga sanalinso aja akale, munthu wosaona amaponda pafupipafupi. Ndinapita kwa Limbani n'kumuuza kuti tenga tepi. Sindinapepese ndi pakamwa, ndinamugulira chipisi. Tinazungulira hotela yonse miyezi inayi, iye kuyeza kuchokera pa makoma, ine kulemba. Mavalavu 30 analowa mu fayilo yotchedwa MAPAIPI, ndipo mayi Gondwe anaisindikiza n'kuiika m'kabati.

Ya nambala 31 sinalowe. Nditamva kuti mtengo wa mango uja audula kuti pakhale poimika magalimoto, ndinatenga mayi anu Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ngati tikukaona maluwa. Iwo anayeza kuchokera pa ngodya ya londire ndi pa khoma la jenereta, n'kundiwerengera, ine n'kulemba mu fayilo ina yaing'ono. Ndinaitcha ANA. Sabata yotsatira anayalapo njerwa ponsepo, ndipo chingwe chachikulu cha magetsi anachidutsitsa chapafupi pomwepo. Manambalawo m'mutu sindinawasunge. Chinthu ukachilemba mutu umachitula.

Chaka cha 29, mwezi wa Okutobala

Mayi Gondwe anatiuza kuti akuwasamutsa, kumapeto kwa chaka kubwera bwana wina. Mayi anu atamva anati, "Bambo a Esinati, valavu ija muigwiritse. Malita sanamalize sukulu." Ndinati ndamva.

Linali Lachisanu, ine ndili pa benchi kuchipatala cha maso ku Zomba, mayi anu pambali, tikudikira kuyezetsa. Foni inalira cha m'ma 10 koloko m'mawa. Limbani. Kumbuyo kwake ndinkamva madzi, ndipo ine phokoso la paipi yaikulu ndimalidziwa.

"Madala, yakukhitchini yaphulika. Madzi alowa mpaka m'sitolo. Ya pathanki tayesa anthu atatu, sikutembenuka. Mawa kuli ukwati, anthu ayamba kale kufika." Anatsitsa mawu. "Mu MAPAIPI valavu ina mulibe. Koma ine ndikudziwa kuti ilipo, madala. Sindinafunsepo."

Mayi anu anamva zonse. Ananditsina pantchafu n'kunong'ona kuti, "Muwauze adikire. Tikwera minibasi, mukatseke nokha, bwana watsopanoyo akamve mbiri yanu asanafike." Sanalakwe, ndipo musadzawanene. Ndi zimene Che Saidi akanachita. Ndinawerengera m'mutu. Kuchoka ku Zomba mpaka kufika, maola anayi ngati minibasi yadzaza msanga. Thanki ija imatha m'maola awiri. Ndikanafika ngati mfumu pa hotela youma, ndipo amene akanayankha mlandu ndi mayi Gondwe, miyezi yawo yomaliza, mayi amene anandionetsa pamene pali mpando. Komanso Limbani, amene chaka chathunthu ankaika sipanala pafupi ndi dzanja langa osauza munthu. Ndinakwiya kwambiri, sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani. Ndinachotsa dzanja la mayi anu.

"Thamangira kuofesi kwanga. Yatsa kompyuta."

Ndinamva akuthamanga, chitseko, kenako, "Madala, galasi palibe. Ndikatenge ku risepushoni?"

"Mpaka upeze zingwe zake thanki yatha. Khala pansi. Ika foni pa kasipika, izilankhula mokweza. Lero uona ndi makutu."

Kalaliki analankhula, ine ndinamumva bwinobwino kuchokera ku Zomba. Ndinamuuza Limbani mawu achinsinsi olowera, chilembo chimodzichimodzi, anthu a pa benchi onse akumvera. Analowa. Ndinati Windo ndi M. Kalaliki ananena zina.

"Akuti chiyani? Akuthamanga kwambiri."

"Akuti kompyuta ikufuna kudzikonza, iyambirenso. Usadine Enta. Ukadina Enta tidikira theka la ola. Chotsa manja."

"Ndachotsa."

"Pamwamba kumanzere, batani lapangodya. Limenelo. Tsopano Windo ndi M, pamodzi, osati ngati ukubaya nsomba."

Desikitopu. Ndinati dina A, umvere mpaka amalize. Kalaliki anatchula fayilo ya alonda. Ndinati dinanso. Anatchula ANA, m'kamwa mwake mwa chimfine muja. Limbani anati, "Imeneyi?" Mayi anu anali atasiya kunditsina, ndinangomva akupuma. Ndinati, "Enta."

Manambala Kalaliki amawatchula bwino. Muvi wapansi, mzere woyamba, mamita 7 ndi masentimita 40 kuchokera pa ngodya ya londire. Muvi wapansi, mamita awiri ndi masentimita 15 kuchokera pa khoma la jenereta. Muvi wapansi, ndipo apa panali Chichewa, Limbani sanamve kanthu. Ndinamumasulira. "Akuti chingwe cha magetsi chili mbali ya kunyanja, usakumbe ndi piki, zula njerwa ndi manja. Ndipo potseka usakakamize, ndi nkhalamba, ibweze pang'ono kenako upitirize." Anathamanga osadula foni. Ndinamva njerwa, fosholo, anthu akukangana, kenako phokoso la madzi lija linayamba kuchepa mpaka zii. Nesi anaitana dzina langa kawiri, ine osamva. Bambo wina amene anakhala pafupi nane anati, "Akulu, mwatseka?" Ndinati tatseka. Mayi anu sanandilankhule mpaka pa Liwonde. Pamenepo anagula chimanga chootcha, n'kuthyola, n'kundiika m'manja chachikulucho.

Chaka cha 31

Che Saidi sananame. Bwana watsopano anabwera ndi pulogalamu yake ya madandaulo imene Kalaliki sankatha kuiwerenga, mabatani ake onse ankangoti batani, batani, opanda dzina. Ndinamuuza kuti izi zikhoza kukonzedwa. Anati aona. Anaona chaka ndi theka, kenako anandiitana n'kunena mawu ambiri okoma okhudza thanzi langa, ine wosadwala. Pamene ankalankhula chala changa chinkafuna Kontirolo patebulo lake. Ameneyo sindinamukhululukire ndipo musandiuze za kukhululuka. Ndinapuma ndili ndi zaka 50, mphamvu zili tho. Malita, iwe ukudziwa kuti Fomu 4 unamaliza ndi mandasi a mayi ako, osati ndi ine.

Ndiye munthu wa pamaliro uja theka ananena zoona, mpeni ndinapereka ndekha. Koma sakudziwa kuti ndinagwa m'ngalande chaka cha 26, ndipo ndinatuluka pageti chaka cha 31. Zaka zisanu zimenezo sizinachokere pa valavu. Zinachokera kwa mayi Gondwe, kwa Abiti Sumani ndi mbama yawo, kwa Limbani, ndi kwa mayi anu amene anandikweza kabaza Loweruka lililonse osadandaula pamaso panga. Mukadzakumana nawo anthu amenewa muziwapatsa moni wogwada. Limbani pano ndiye pulambala wamkulu, ndipo valavu ija anaiikira chivundikiro chachitsulo n'kuchipaka penti yofiira, aliyense akuiona. Ndinamuuza kuti ndiwe chitsiru. Anati, "Ndinaphunzira kwa inu, madala." Amabwera kunyumba kuno mwezi ndi mwezi, amati kudzafunsa nzeru, koma ndimadziwa kuti amadzangondiona.

Laputopu imene ndikulemberayi anatumiza ndi mayi Gondwe atamva kuti ndapuma, yakale yawo, batani la Q linachoka koma Chichewa sichilifuna. Abiti anandiikiramo Kalaliki. Lachiwiri ndi Lachinayi ndimakhala nawo kuseri kwa telala kuja, amandipatsa akuluakulu amene angotaya maso kumene, aukali okhaokha, akuti ndi mtundu wanga. Sabata yatha wina, amene anali dalaivala, anamenya kiyibodi n'kutukwana. Ndinamusiya amalize, kenako ndinamufunsa kuti akasochera pamsewu amayambira pati.

Nyumba ino ndi yaing'ono, munda mukuudziwa, bwato ndilibe. Che Saidi anandisiyira dzenje lokwirira ndi masamba kuti ndidyetse inu, ndipo linakudyetsani mpaka pamene linathera. Ine sindikukwirirani kanthu. Tsiku limene mudzandifune ine kulibe, yatsani laputopuyi, mawu olowera ali ndi mayi anu. Kambewa musakafune, ndinakataya. Dinani Windo ndi M, kenako A. Fayilo ya A ilipo imodzi yokha, ndi ino, nayonso ndinaitcha ANA. Mumusiye Kalaliki amalize kutchula dzina lake, ndiye mudine Enta.